Kabwato ka Kaputeni Silver

Munthu akafika padoko, maso ake amathamangira ku chombo chachikulu. Amachita chidwi ndi milongoti yake, matanga ake ndi mbendera yake, koma kabwato komangidwa m'mbali mwa chombocho sakapenya konse, ngakhale kuti ndi komweko kamene kamatula anthu pamtunda. Ndi mmenenso amachitira anthu ambiri powerenga buku lotchuka la Chingerezi lotchedwa Treasure Island, ndiko kunena kuti Chilumba cha Chuma. Akafunsidwa chimene akukumbukira, amatchula chombo cha Hispaniola, mapu a chuma, ndi munthu wa mwendo umodzi uja woyenda ndi chinkhwe paphewa. Koma amene awerenga bukuli mofatsa, kawiri kapena katatu, adzaona kuti mlembi wake saweruza anthu ake ali m'chombo ayi. Amawaweruza atawatsitsira m'timabwato. Ndipo mlandu waukulu wa buku lonse wagona pa kabwato kamodzi kamene mlembiyo sanakaonetse n'komwe, kamene Kaputeni Silver, mkulu wa achifwamba a panyanja, anathawirapo kumapeto kwa nkhani.

Mlembi wake ndi Robert Louis Stevenson, amene anabadwira mumzinda wa Edinburgh ku Scotland m'chaka cha 1850, namwalira ku zilumba za Samoa mu 1894. Anali munthu wodwaladwala chifuwa, koma za nyanja anazidziwa kuyambira ali mwana, pakuti atate wake ndi agogo wake anali amisiri omanga nsanja za nyali zimene zimachenjeza zombo usiku. Nkhaniyi anaiyamba mu 1881 ali m'mudzi wa Braemar, masiku a mvula, atajambula mapu a chilumba pocheza ndi mnyamata Lloyd Osbourne, mwana wa mkazi wake. Inayamba kutuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya ana yotchedwa Young Folks, ndipo mu 1883 inasindikizidwa yonse m'buku la mitu 34. Dzina limene anaipatsa poyamba linali The Sea Cook, kapena kuti Khuki wa Panyanja, ndipo dzinali likusonyeza pamene panali mtima wa mlembi. Sunali pa chuma, unali pa Silver.

Chiyambi cha nkhani n'chosavuta. Mnyamata wina, dzina lake Jim Hawkins, mwana wa mwini nyumba ya alendo, anapeza mapu m'bokosi la mkulu wina wa panyanja amene anafera m'nyumbamo. Mapuwo anali osonyeza pamene Kaputeni Flint, wachifwamba woopsa amene anali atamwalira kale, anakwirira chuma chake. Akuluakulu awiri, Dokotala Livesey ndi Bwana Trelawney, anapangana zokafuna chumacho. Bwana Trelawney anali wolemera ndi wamtima wabwino, koma sankatha kusunga chinsinsi. Atagula chombo kudoko la Bristol, analemba ntchito ya ukhuki munthu waulemu wa mwendo umodzi, John Silver, namlolanso kuti amthandize kusankha amalinyero. Chotero chombo chinanyamuka ndi anthu 26, ndipo pamene Jim anadzawerenga amene akanatha kuwakhulupirira, anapeza 7 okha.

M'chombo chachikulu bodza limakhala pabwino, chifukwa muli zipinda, muli zitseko, muli ngodya zonong'onezeranamo. Silver anakhalamo ngati nkhosa. Khitchini yake inali yaukhondo, mbale zake zonyezimira, mawu ake okoma kwa aliyense, ndipo Jim anamkonda koposa onse. Zoona zinadziwika mwangozi, usiku umene mnyamatayo analowa mumgolo wa maapozi, namva Silver akunyengerera mnyamata wina wa pakati pa amalinyero, dzina lake Dick, kuti alowe gulu la achifwamba. Wowerenga asunge bwino zimene Silver ananena usikuwo, pakuti adzazifuna kumapeto. Anati ali ndi zaka 50, ndalama zake samwaza ngati anzake koma amasunga kubanki, ndipo ukatha ulendo uno adzakhala bwana, woyenda pagaleta la akavalo ndi wokhala m'Nyumba ya Malamulo. Anatinso akuluakulu onse a m'chombomo ayenera kuphedwa, kuti pasadzapezeke mboni yobwerera kwawo. Asungenso dzina la Dick.

Atafika pachilumba, chombo chinaima patali ndi mtunda, monga zimachitira zombo zonse pamene palibe doko, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wofuna kuchita kanthu anayenera kutsikira m'bwato. Silver ndi anthu ake, onse pamodzi 13, anapita kumtunda pa mabwato awiri aatali opalasa ndi nkhafi, amene Angerezi amawatcha gig, ndipo Jim anadzilowetsa mwakachetechete m'limodzi la iwo. Dzuwa lisanalowe, mnyamatayo, atabisala m'zitsamba, anaona khuki waulemu uja akuponya ndodo yake yoyendera pamsana pa Tom, munthu wokhulupirika amene anakana kupanduka, namgwera pamwamba, nambaya kawiri ndi mpeni. Mlembi sanabise kanthu pa imfa imeneyi. Anafuna kuti wowerenga aione ndi maso, kuti pambuyo pake asadzanene kuti sanadziwe.

Otsala m'chombo, ndiwo dokotala, Bwana Trelawney, Kaputeni Smollett mwini kuyendetsa chombo, ndi antchito awo, anali ndi kabwato kamodzi kamatabwa kotchedwa jolly-boat. Anapangana zothawira m'linga limene Flint anamanga pachilumbapo, nayamba kututa zakudya, mfuti ndi wonga. Ulendo wachisanu ndiwo unali wotsiriza. Amuna asanu, atatu a iwo ataliatali, analowamo pamodzi ndi nyama ya nkhumba, matumba a buledi ndi wonga, kotero kuti madzi anayamba kulowa asanayende n'komwe patali. Madzi a m'nyanja yamchere amakwera ndi kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo nthawi imeneyo anali kuphwera, nakokera kabwato kumene kunali adani. Ali pakati, anakumbukira chinthu chimene onse anachiiwala: mzinga wa chombo anausiya, pamodzi ndi wonga wake ndi zipolopolo zake, m'manja mwa opanduka, ndipo mmodzi wa iwo, Israel Hands, ndiye ankaomba mzinga wa Flint. Chipolopolo sichinawamenye, koma pochizemba anapalasa chambuyo mwamphamvu, ndipo kabwato kanamira pamadzi ofika m'chiuno. Palibe anafa, koma mfuti zitatu mwa zisanu zinapita pansi pa madzi, ndipo theka la chakudya ndi la wonga linatayika.

Mutu umenewu, wa 17, ndi umodzi wa mitu yolembedwa bwino koposa. Anthu awa ndiwo abwino a m'nkhani, ophunzira ndi olemekezeka, koma mlembi sanawakondere. Chimene chinawamiza si nkhanza ya adani yokha ayi, koma kuchuluka kwa katundu wawo ndi kuiwala kwawo. Kabwato sikadziwa kuti uyu ndi dokotala, uyu ndi mwini minda. Kamadziwa kulemera kokha. Komanso m'kabwato momwemo Bwana Trelawney, amene m'chombo anaoneka ngati chitsiru cholongolola, anadziwika kuti ndi munthu wosanjenjemera. Anakweza mfuti yake, anzake atapendekera mbali ina kuti kabwato kasagubuduke, naombera mmodzi wa anthu a pamzinga.

Kabwato kachiwiri ndiko kamene ana a sukulu amakakonda. Pachilumbapo Jim anakumana ndi munthu wovala nsanza, dzina lake Ben Gunn, amene kale anali wa gulu la Flint, ndipo anali atakhala pomwepo yekha zaka zitatu, atasiyidwa ndi anzake. Munthuyu anadzipangira kabwato ndi zimene anali nazo. Anamanga mitengo yolimba monga achitira woluka dengu, naikuta ndi zikopa za mbuzi, ubweya uli m'kati. Kanali kopendekera mbali imodzi, kokhala ndi thabwa limodzi lokhalapo ndi nkhafi ya mitu iwiri, kakang'ono ngakhale kwa mnyamata, koma kopepuka kotero kuti munthu mmodzi akanatha kukasenza. Jim anakayerekeza ndi coracle, timabwato tazikopa timene anthu akale a ku Britain ankapanga, ndipo asodzi ena a m'mitsinje ya Teifi ndi Tywi ku Wales akali kupalasa timabwato ta mtundu umenewu.

Tsiku limene achifwamba anathira nkhondo linga nalephera, Jim anazemba osatsanzika, natenga kabwatoko pansi pa thanthwe loyera pamene Ben anakabisa, ndipo kutada anapalasa kunka ku Hispaniola kuti akadule chingwe cha nangula. Kabwato kanamchita chipongwe. Akafuna kupita kutsogolo, iko kankatembenukira m'mbali. Akalimbikira, kankangozungulira ngati nguli. Anafika pachombo chifukwa madzi ophwera anamkokera komweko, osati chifukwa cha luso lake. Atadula chingwe, madzi omwewo anatenga chombo ndi kabwato pamodzi nazitulutsira kunyanja yaikulu, ndipo mnyamatayo, atapereka moyo wake kwa Mulungu, anagona tulo m'kabwatomo.

Zimene zinachitika m'mawa mwake, m'mutu wa 24, ziyenera kuwerengedwa mokweza ndi mosafulumira. Jim anadzuka ali pakati pa mafunde aakulu, kumtunda kuli matanthwe okhaokha, popanda pokocheza. Anadabwa kuona kuti iye akagona chete, kabwato kankakwera funde ndi kutsika mopepuka, osamwa madzi. Atalimba mtima anakhala tsonga nayamba kupalasa, ndipo pomwepo kabwato kanagwera chamutu m'funde, madzi nalowa. Anagonanso, nakapa madziwo ndi chipewa chake, nayamba kupenyetsetsa. Anaona kuti funde, limene munthu wa pamtunda amaliona ngati phiri limodzi losalala, lili ndi zitunda zake ndi zigwa zake, ndi kuti kabwato kakasiyidwa kamadzisankhira njira m'zigwamo. Tsono anaphunzira kugona chafufumimba, kudikira malo odekha, kukankha kamodzi kapena kawiri ndi nkhafi, ndi kulekanso.

Aliyense amene anakhalapo m'bwato tsiku la mphepo adzavomera kuti zimenezi si zongopeka. Stevenson anazidziwa ndi manja ake. Mu 1876 iye ndi mnzake Walter Simpson anayenda m'mitsinje ndi m'ngalande za ku Belgium ndi France, yense m'kabwato kake, ndipo buku lake loyamba, An Inland Voyage, la 1878, limasimba ulendo umenewo, ndi mmene tsiku lina mtengo wogwera mumtsinje wa Oise unamgwetsera m'madzi. N'chifukwa chake mutuwu ulibe mawu odzitama. Mnyamata amene sanamvere kaputeni, amene sanamvere dokotala, anamvera chikopa cha mbuzi, chifukwa chikopacho sichikanamva dandaulo lake. Ndipo wowerenga, pokhala naye yekha pakati pa madzi, ludzu likumuwawa, milomo yake ili ndi mchere, amamkhululukira zonse. Ichi n'chofunika kuchisunga: munthu akaonetsedwa ali yekha m'kabwato pakati pa nyanja, mtima wa wowerenga umapita naye, ngakhale akhale wolakwa.

Jim analidi wolakwa, ndipo apa bukuli lili ndi chilema. Anasiya anzake ali owerengeka, kaputeni ali wovulala, iye n'kupita kukasewera ndi imfa. Koma mwayi unamtsata ngati galu. Anapeza Hispaniola ikungoyandama popanda woiwongolera, nalumphirapo, nailanditsa kwa achifwamba, ndipo kusamvera kwake kunapulumutsa onse. Mwana wosachenjera angaganize kuti kuzemba kumalipira. Mlembi anaona ngoziyo, nachititsa Kaputeni Smollett kumuuza Jim kumapeto kuti sadzayendanso naye panyanja. Koma mawu ochepa otere salemera pa sikelo poyerekeza ndi mitu isanu ndi umodzi ya ulemerero. Kabwato kazikopa kanaphwanyidwa ndi chombo pamene Jim analumpha, ndipo m'buku lonse palibe amene anapepesa Ben Gunn, mwini wake.

Pali kachinthu kenanso kamene mphunzitsi wokonda kufufuza angakondwere nako. M'mutu wa 19, Jim anaona achifwamba akuphwanya jolly-boat ija ndi nkhwangwa pagombe. Koma m'mutu wa 22, mlembi anatchulanso jolly-boat ikupalasa kuchokera kuchombo, pamene mizere yochepa m'mbuyomo anali atanena kuti bwatolo linali gig. Alembi aakulu nawonso amaodzera.

Tsono nkhani ibwerere kwa Silver. Opanduka anamsankha kukhala kaputeni wawo, ndipo iye anavala jekete lalikulu labuluu la mabatani amkuwa ndi chipewa chokongola. Koma kaputeni ameneyu sanayendetsepo Hispaniola ngakhale tsiku limodzi. Iye mwini anali atavomera kale kuti anthu ake amatha kugwira chiwongolero, koma kuwerengera njira ya panyanja sadziwa. Ukaputeni wake wonse unathera m'dambo la malungo ndi m'mabwato awiri aja. Madzulo amene Jim anatenga kabwato kazikopa, anamuona Silver atakhala kumbuyo kwa limodzi la mabwatowo, pamalo pa mwini bwato. Tsiku lokakumba chuma mabwato onse awiri anali ndi matope, madzi osakapa, ndipo lina linali lothyoka thabwa lokhalapo chifukwa cha kuledzera kwa eni ake. Mlembi sanafunike kulalikira za ufumu wa achifwamba; anangoonetsa mabwato awo.

Atafika pamalo a chuma anapeza dzenje lopanda kanthu, pakuti Ben Gunn anali atachikumba kale nachitutira kuphanga lake. Achifwamba anaukira Silver; iye, wofulumira kuona kumene mphepo yatembenukira, anali atapatsa kale Jim mfuti yaing'ono, nasanduka wa mbali ya dokotala. Awiri anaphedwa, atatu anathawira kutchire. Pamenepo dokotala anatenga pikisi naphwanya bwato limodzi, ndipo onse analowa m'linalo kuti azungulire chilumba, ulendo wa mailosi 8 kapena 9. Silver, ali pafupi kufa ndi kutopa, anapatsidwa nkhafi monga ena onse. Munthu yemwe dzana anakhala kumbuyo kwa bwato ena akumpalasira, lero anapalasira ena. Mlembi ananena zimenezi m'chiganizo chimodzi, napitirira.

Kabwato kotsiriza kali m'mutu wa 34. Atakweza chuma m'chombo, anasiya achifwamba atatu aja pachilumba, nalunjika kudoko lina la ku America kumene kunkalamulira Aspanya, kuti akapeze amalinyero ena. Dokotala, Bwana Trelawney ndi Jim anatsikira kumtunda, nachezera usiku wonse m'chombo chankhondo cha Angerezi. Pobwera m'bandakucha anapeza Ben Gunn ali yekha pamwamba pa chombo, ndipo anaulula kuti Silver wapita. Anati anamlola kuthawa pa kabwato ka anthu a padokopo chifukwa choopa kuti akakhalabe m'chombo adzawapha onse. Silver sanapite chimanjamanja: anaboola khoma la chipinda, natenga thumba limodzi la ndalama, zofanana mtengo ndi ndalama zagolide zotchedwa guinea zokwana ngati 300 kapena 400. Ndipo Jim anati onse anakondwa kuti amtaya pamtengo wotsika chotero.

Basi. Buku limene linapereka mutu wathunthu kwa kabwato kamatabwa ndi mitu itatu kwa kabwato kazikopa, kabwato ka munthu wake wamkulu linakapatsa mawu osadzaza mzere umodzi.

Wowerenga wokonda chilungamo ali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo mkwiyo wake usapeputsidwe. Tom anaphedwa iye akuona. Mwa anthu 26 amene ananyamuka ku Bristol, asanu okha ndiwo anabwerera. Ndipo mmodzi wa atatu osiyidwa pachilumba anali Dick, mnyamata uja amene Silver anamnyengerera pafupi ndi mgolo wa maapozi, amene nthawi imeneyi anali atayamba kudwala malungo. Pamene chombo chinali kutuluka, atatuwo anagwada pamchenga atakweza manja, akupempha kuti asawasiye, koma anasiyidwa. Wonyengedwa anatsala pachilumba, wonyenga anapita ndi thumba. M'nthano Kalulu amapusitsa Njovu ndi Fisi napulumuka, omvera naseka, chifukwa aliyense adziwa kuti ndi nthano ya nyama. Koma Tom si nyama ya m'nthano. Mlembi anamuonetsa ngati munthu, wa nkhope yofiira ndi mawu onjenjemera, amene anasankha kufa posafuna kusiya ntchito yake. Chinanso chowawa n'chakuti akuluakulu aja anawerengera kutayika kwa Silver ndi ndalama, osati ndi magazi. Ndipo kunali kuchenjera kwa mlembi kuwachotsa m'chombo usiku umenewo, kuti manja awo akhale oyera, mlandu wotsegulira wakupha n'kugwera Ben Gunn, munthu amene onse ankamuyesa wozerezeka.

Komabe mlembi anali pampanipani. Silver anateteza Jim pamene achifwamba anafuna kumupha, ngakhale kuti anatero pofuna kupulumutsa khosi lake lomwe, ndipo dokotala anali atalonjeza kuti adzayesetsa kumlanditsa kumlandu, kupatula kunama pa lumbiro. Akanafika naye ku Bristol, kunali kumpereka ku chingwe kapena kunamiza oweruza. Ndiponso Stevenson anamkonda munthuyu. Anavomera yekha kuti anamuumba poyang'ana bwenzi lake William Ernest Henley, mlakatuli wamphamvu ndi wansangala amene anadulidwa mwendo. Kumnyonga kunali kovuta, kumkhululukira kunali kosatheka.

Mbiri yeniyeni inamsonyeza njira yachitatu. M'buku, Silver amadzitama kuti anayenda ndi Kaputeni England asanapite kwa Flint. Flint ndi wopeka, koma Edward England anali munthu weniweni. Mu 1720, pafupi ndi chilumba cha Anjouan, pakati pa Mozambique ndi Madagascar, anagwira chombo cha amalonda chotchedwa Cassandra, koma anachitira chifundo kaputeni wake, James Macrae, namlola kupita wamoyo. Anthu ake anakwiya ndi chifundocho, namchotsa paukaputeni, namsiya pachilumba cha Mauritius ndi anzake atatu. Buku lakale la mbiri ya achifwamba, losindikizidwa mu 1724, limene Stevenson analidziwa, limasimba kuti iwo anakhoma kabwato ndi timatabwa totolatola, naolokera ku Madagascar, kumene England anakhala akudya zopatsidwa ndi achifwamba anzake. Silver nayenso anatsala pang'ono kuchotsedwa paukaputeni, ndipo chimodzi cha zifukwa zake chinali kusunga Jim ndi moyo. Kaputeni wa achifwamba amene wapulumuka chingwe, mathero ake ndi kabwato.

Tsono wowerenga abwerere ku mawu a pamgolo aja. Munthu amene anafuna chuma cha mapaundi 700,000, galeta la akavalo ndi mpando m'Nyumba ya Malamulo, anachoka usiku ngati wakuba nkhuku, pa kabwato kosakhala kake, ndi thumba limodzi, atamtsegulira njira munthu amene iye ankamnyoza. Sanasauke ayi, pakuti mkazi wake anali atagulitsa kale nyumba yawo ya mowa ku Bristol natenga ndalama zonse za kubanki, ndipo Jim anaganiza kuti mwina awiriwo anakumana nakhala mwamtendere pamodzi ndi chinkhwe chija. Chilango ichi n'chochepa poyerekeza ndi magazi a Tom, ndipo wonena kuti n'chokwanira akunama. Koma chilipo.

Nzeru yaikulu ya mlembi ili pa kubisa kabwatoko. Akanafuna, akanatha kulemba mutu wokongola koposa yonse: munthu wa mwendo umodzi akutsika pa chingwe mumdima, ndodo yake ili pakhosi, thumba lili pamsana, nyali za padoko zikuphethira patsogolo pake. Wowerenga aliyense akanagwira mpweya, napemphera kuti asagwe. Akanaiwala Tom, monga anaiwalira kusamvera kwa Jim pakati pa mafunde. Opanga kanema amaidziwa bwino mphamvu imeneyi. M'kanema wa Pirates of the Caribbean wa 2003, Kaputeni Jack Sparrow amalowa m'doko la Port Royal ataima pamwamba pa mlongoti wa kabwato kobooka, kamene kamamira pang'onopang'ono mpaka iye angoponda pamatabwa a doko; ndipo oonera amamkonda asanadziwe n'komwe kuti anachita zotani. Stevenson anali ndi luso lomwelo, analionetsa kale m'mutu wa 24, koma Silver anam'mana. Anamlola kukhala ndi moyo, koma sanamlole kutsanzikana ndi wowerenga. Nkhani ya kuthawa kwake imamveka m'mawa, m'kamwa mwa munthu wamantha, monga imamvekera nkhani ya umbava.

Akulu amati mlandu suola, ndipo bukuli silinauthetse mlandu wa Silver. Jim anangonena kuti m'dziko lilinkudza munthuyo alibe chiyembekezo chachikulu cha mtendere, nasiyira pomwepo. Gulu la owerenga likakhala pamodzi madzulo, mutu wa 34 ndi wabwino kuukambirana monga akambirana mlandu pabwalo: wina aimire Tom ndi Dick, wina aimire Jim amene anapulumutsidwa, wina afunse ngati Ben Gunn analakwa.

Ndipo wina afunse za mwini kabwato. Pamene Hispaniola inaponya nangula padoko lija dzuwa likulowa, inazingidwa ndi timabwato ta anthu akuda, amwenye a ku Mexico ndi ena, ogulitsa zipatso ndi ndiwo zamasamba, ena akudzipereka kumira pansi pa madzi kutola ndalama zimene alendo angaponye. Kamodzi ka timabwato ta padokopo ndiko kananyamula Kaputeni Silver ndi thumba lake. Buku limene linatchula dzina la chinkhwe, ndi la munthu amene mafupa ake analoza njira ya chuma, silinatchule dzina la wopalasa ameneyu, ndipo silinanene ngati analipidwa.